Kachotupa mu chithokomiro: ndi khansa kapena ayi, nanga madokotala amadziwa bwanji?

Munthu akangouzidwa kuti ali ndi kachotupa mu chithokomiro maganizo amathamangira ku khansa nthawi yomweyo, tulo timatha, chakudya sichilowa, dzanja limangokhalira pakhosi kufufuza ngati kakula usiku. Nde ndiyambe ndi nambala yoti ikukhazikeni mtima pansi kaye. Pa zotupa 100 za mtunduwu zimene madokotala amaziyeza, zimene zimapezeka kuti ndi khansa zimakhala pakati pa 7 ndi 15 basi, zotsalazo si khansa ndipo zambiri mwa izo munthu amakalamba nazo osamuvuta. Koma musawerenge mzere umenewu nkutseka foni, chifukwa 7 kapena 15 ajawo ndi anthu enieni, ndipo ntchito yonse imene ndikufuna kufotokoza pano ndi ya mmene achipatala amawapezera iwowo popanda kung'amba khosi la wina aliyense amene wabwera ndi chotupa.

Ambiri tikamva za chithokomiro timaona mayi wa khosi lotupa uja amene amamanga kampango kuti anthu asamuyang'anitsitse, koma kachiwalo kakeko aliyense ali nako, kali kutsogolo kwa khosi mmunsi mwa kholingo, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko, phiko lina kumanja lina kumanzere. Ntchito yake ndi kutenga ayodini wa muzakudya nkupanga mahomoni amene amalamulira liwiro la thupi lonse, kagundidwe ka mtima, kutentha kwa thupi, kunenepa ndi kuonda, mmimba, olo msambo. Kachotupa kamabwera pamene kagawo kena ka chiwalochi kakula mosiyana ndi mbali zina. Pena kamakhala kathumba ka madzi, pena ndi maselo abwinobwino amene angochulukana pamalo amodzi, pena nde ndi khansayo. Ndipo tizotupa timeneti ndi tofala kuposa mmene mukuganizira. Pogwira ndi manja timapezeka mwa amayi pafupifupi 5 pa 100 ndi abambo 1 pa 100, koma mukatenga makina a sikani nkuyamba kujambula anthu oti sakudwala chilichonse, mumatipeza mwa anthu oyambira 19 mpaka 68 pa 100, makamaka amayi ndi achikulire. Tinganene kuti pa msinkhu wa agogo pafupifupi theka la anthu ali nato osadziwa.

Dokotala wodziwa ntchito yake sayamba ndi makina, amayamba ndi mafunso ndi manja. Amaima kumbuyo kwanu inu mutakhala pampando, nkuika zala mbali zonse ziwiri za khosi, kenako amakupatsani madzi kuti mumwe pang'ono musameze kaye, akati mezani iye amamvetsera ndi zala zija. Chotupa cha mu chithokomiro chimakwera mmwamba mukameza nkubwereranso, chifukwa chiwalochi chinamatirira ku kholingo. Chotupa chimene sichisuntha pomeza nthawi zambiri ndi china, ndipo kwathu kuno chinthu choyamba kuchiganizira ndi mwanabere wotupa chifukwa cha TB, kapenanso matenda ena amene amakonda kugwira anthu amene chitetezo chawo chatsika. Izi nzofunika chifukwa si chotupa chilichonse cha pakhosi chimene chili cha chithokomiro, ndipo mankhwala ake ndi osiyana kotheratu.

Pali zinthu zimene zikapezeka dokotala amakhala tcheru. Chotupa cholimba gwa, chosasuntha mukachikankha ndi chala, chimene chakula mooneka pa miyezi yochepa, mawu amene asasa kwa masabata angapo popanda chimfine, kutsamwa pomeza, kubanika mukagona chagada, ndi anabere olimba mmbali mwa khosi. Mawu kusasa kuja musakutenge mwachibwana, mtsempha umene umayendetsa mawu umadutsa kuseri kwenikweni kwa chithokomiro nde khansa ikaufika mawu ndi amene amayamba kuulula. Koma chotupa chimene chafufuma tsiku limodzi ndipo chikupweteka kwambiri, chimene chimaopsa anthu zedi, kawirikawiri chimakhala kuti magazi angotayikira mkati mwa kathumba ka madzi kaja, si khansa ayi, olo kuti kuchipatala muyenera kupitabe. Msinkhu nawo umawerengedwa. Tizotupa sitipezekapezeka mwa ana, koma tikapezeka pafupifupi 1 pa 4 timakhala khansa, nde mwana kapena wachinyamata wosafika zaka 20 asamuuze kuti tidikire tione. Abambonso samadwaladwala zimenezi koma bambo akakhala ndi chotupa mpata woti ndi khansa umakhala wokwererako kuposa wa mayi.

Akufunsaninso ngati munawotchedwapo ndi radiyeshoni kumutu kapena pakhosi muli mwana, mwachitsanzo pochiza khansa ina. X-ray wamba wa pachifuwa uja si amene akunenedwa apa, musaope. Umboni waukulu wa nkhani ya radiyeshoniyi unachokera ku Chernobyl, ku Ukraine, kumene malo opangira magetsi a nyukiliya anaphulika mu April 1986. Ayodini wapoizoni anagwera pa msipu, ng'ombe zinadya, ana anamwa mkaka, ndipo chithokomiro poti sichisiyanitsa ayodini wabwino ndi woipa chinangomutenga yense. Pofika 2005 anthu oposa 6,000 amene anali ana kapena achinyamata pa nthawi ya ngoziyo ku Belarus, Ukraine ndi Russia anali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Akuluakulu sanakhudzidwe chimodzimodzi, chithokomiro cha mwana ndi chimene sichichedwa kuvulala. Funso lina ndi la kumtundu, ngati mayi, bambo kapena mbale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansa imeneyi nenani, pali mtundu wina umene umayenda mmagazi a banja.

Zikatha izi amatenga magazi kuti ayeze TSH. Iyi ndi homoni yochokera ku kachiwalo kena ka mmunsi mwa ubongo imene imauza chithokomiro kuti gwira ntchito. TSH ikatsika kwambiri ndiye kuti chithokomiro chikupanga mahomoni opyola muyeso, ndipo munthu wake amakhala wa mtima wothamanga, thukuta losatha, manja onjenjemera, kuonda koma akudya kwambiri. Apa pali chinthu chodabwitsa, chotupa chimene chikugwira ntchito mopitirira chonchi sichikhala khansa kawirikawiri. Kumene kuli makina ake amapanga sikani ina yogwiritsa ntchito mankhwala a radiyeshoni ochepa kwambiri kuti aone ngati chotupacho nde chikukoka ayodini yense, akaona choncho salasanso singano yotengera maselo a mu chotupacho, amangothana ndi vuto la mahomoniwo. Sikani imeneyi sapanga kwa mayi woyembekezera. Koma dziwani kuti anthu ambiri amene ali ndi khansa ya chithokomiro TSH yawo imakhala bwinobwino, nde wina akakuuzani kuti magazi ali bho palibe vuto, nkhani siinathe, magaziwo angonena za mahomoni osati za chotupacho.

Chimene chimanena zambiri ndi sikani ya ultrasound, yomwe ija amajambulira amayi oyembekezera. Mumagona chagada pilo ali kunsi kwa mapewa kuti khosi litambasuke, amapaka jelo wozizira uja nkumayendetsa kachipangizo pakhosi, sizipweteka ndipo mulibe radiyeshoni. Wojambula amayang'ana ngati chotupacho ndi madzi okhaokha kapena ndi mnofu, ngati chikuoneka chakuda kuposa mnofu wochizungulira, ngati mmphepete mwake muli mosalala kapena mokumbikakumbika, ngati muli timadontho towala ting'onoting'ono ta kashiyamu, komanso ngati chaima chotalika kuposa mmene chatambalalira. Chomalizachi chimamveka chachilendo koma nchofunika, chotupa chabwino chimakula motsatira mmene minofu ya khosi yagonera pamene khansa imakula modula minofuyo. Kathumba ka madzi okhaokha, kapena chotupa chodzaza ndi timabowo tambirimbiri ta madzi chimene amati cha siponji, chimakhala chabwino pafupifupi nthawi zonse. Mu 2017 bungwe la American College of Radiology linaika zonsezi mu ndondomeko yopatsa mapointi yotchedwa TI-RADS, kuyambira TR1 mpaka TR5, nde mukaona zilembo zimenezi pa pepala lanu la sikani dziwani kuti TR1 ndi TR2 safuna singano, TR3 amalasa chikafika masentimita 2.5, TR4 chikafika 1.5, ndipo TR5, chokayikitsa kwambiri, chikafika sentimita 1. Onani bwino apa, olo chooneka moipa kwambiri ngati sichinafike sentimita 1 nthawi zambiri amangochiyang'anira, chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku. Wojambula wabwino amayang'ananso anabere a mmbali mwa khosi, osangothera pa chithokomiro. Ndipo amene muli ndi chithokomiro chachikulu cha zotupa zambirimbiri musaganize kuti kuchuluka kwa zotupazo ndi chitetezo, mpata wa khansa ndi wofanana ndi wa munthu wa chotupa chimodzi, kungoti amayenera kusankha chimene chikuoneka mokayikitsa osati chachikulu chokha.

Kulasa singano kuja, kumene madokotala amati FNA, anthu amakuopa kuposa mmene kulili. Singano yake ndi yopyapyala kuposa yotengera magazi pamkono, amailowetsa mu chotupa kawiri kapena katatu akuyang'ana pa sikani, inu amangokuuzani kuti musameze musalankhule kwa kamphindi, timaselo timene tatuluka amatipaka pa kagalasi nkutumiza kwa katswiri woyang'ana pa maikulosikopu. Pakangotha mphindi zochepa mwadzuka mukupita kwanu ndi kapulasitala pakhosi. Mayi woyembekezera akhoza kulasidwa popanda vuto. Ndipo mphekesera ija yoti singano imadzutsa khansa kapena kuimwaza thupi lonse isakulepheretseni, pa chithokomiro zoti maselo atsalire mnjira ya singano ndi zosowa kwambiri moti sizingafanane ndi kuopsa kokhala osadziwa.

Zotsatira zake amazilemba mmagulu 6 a ndondomeko ya Bethesda, dzina la tauni ya ku Maryland ku America kumene akatswiri anakumana mu 2007 nkugwirizana kalembedwe kamodzi, ndipo anaikonzanso mu 2017 ndi 2023. Gulu 1 ndiye kuti maselo sanakwane, bwerezani, si nkhani yabwino kapena yoipa. Gulu 2 ndi chotupa chabwino, kumene kumagwera anthu ambiri, ndipo mpata woti alakwitsa ndi wochepa, pafupifupi 3 kapena 4 pa 100. Gulu 6 ndi khansa, pafupifupi mosakayika, pa gulu 5 zotupa pafupifupi 3 pa 4 zilizonse zimapezeka kuti ndi khansa. Mutu umawawa pa gulu 3 ndi 4, pamene katswiri wayang'ana maselo koma sangalumbire mbali iliyonse, ndipo khansa imadzapezeka mwa anthu pafupifupi 20 mpaka 30 pa 100.

Pa gulu 4 ndikufuna ndichedwepo chifukwa ndi pamene odwala amakwiya nkumati madokotala sakudziwa ntchito, komanso ndi pamene pamatikhudza ife kwambiri. Pali mtundu wa chotupa wotchedwa follicular. Maselo a follicular wabwino ndi a follicular wa khansa amaoneka chimodzimodzi pa kagalasi, olo mutaitana katswiri wamkulu bwanji. Chimene chimawasiyanitsa ndi khalidwe, chotupacho chimakhala chokutidwa ndi kakhungu, nde cha khansa chimaboola kakhunguko kapena kulowa mmitsempha ya magazi pamene chabwino chimangokhala mkati mwake phee. Singano imangoyamwa maselo a pakati, siingaone mmphepete. Njira yokha yodziwira ndi kuchotsa phiko lonse limene kuli chotupacho, kulidula tizidutswa nkuyang'ana kakhungu konse kuzungulira. Nchifukwa chake munthu amatha kupangidwa opaleshoni kenako nkuuzidwa kuti sinali khansa, ndipo anthu 7 pa 10 a gulu limeneli zimawathera choncho. Sikuti anamunamiza, panalibe njira ina yotsimikizira. Ku America kuli mayeso oyang'ana majini, malangizo a chibadwa aja a mkati mwa maselo, monga Afirma ndi ThyroSeq, amene amathandiza ena kupewa opaleshoni yotereyi koma ndi okwera mtengo kwambiri. Ife zikutikhudza chifukwa khansa ya follicular imachuluka kumadera kumene anthu akhala akusowa ayodini, ndipo madera ambiri a kumapiri ndi akutali ndi nyanja yamchere mu Africa muno ndi otero, makamaka kumene anthu amadalira chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, poti poizoni wake akalowa mthupi amasanduka mankhwala otchinga chithokomiro kutenga ayodini. Mchere wothira ayodini unachepetsa vutoli kwambiri, koma amene anakula mcherewu usanafale akadali nazo zithokomiro zawo mpaka pano.

Khansa ya chithokomiro siimodzi. Yofala kwambiri ndi papillary, pafupifupi 80 pa 100 kapena kuposerapo, imakula pang'onopang'ono, imakonda kupita kwa anabere a pakhosi koma olo itafika kumeneko ambiri amachira. Follicular ija imayenda mmagazi nkukatulukira kumafupa ndi mmapapo, moti pali anthu amene amafika kuchipatala ndi chotupa pamutu kapena fupa lothyoka popanda chifukwa, gwero lake lili pakhosi pamene akhala napo zaka 20. Medullary ndi yosowa, pafupifupi 1 pa 4 ya odwala ake anachita kutengera kumtundu kudzera mu jini yotchedwa RET, nde ikapezeka abale ayenera kuyezedwa, mpaka ana ena amachotsedwa chithokomiro khansayo isanayambe. Yomaliza ndi anaplastic, ya anthu 1 kapena 2 pa 100, imagwira achikulire makamaka amene akhala ndi chithokomiro chotupa kwa zaka zambiri, imakula pa masabata ndipo ambiri sapyola chaka. Kuphatikiza zonse, ku America anthu pafupifupi 98 pa 100 amakhala ali moyo patatha zaka 5 chiwapezereni, koma nambala imeneyi ndi ya dziko limene ambiri amapezeka kachotupa kakadali kakang'ono ndipo mankhwala onse alipo.

Tsono wina afunsa kuti bwanji osangojambula aliyense nkuchotsa chilichonse chokayikitsa? Dziko la South Korea linayesa. Mu 1999 boma linayambitsa pulogalamu yoyeza makhansa ena, zipatala nkumawonjezerapo sikani ya pakhosi pa mtengo wotsika, anthu nkumavomera poti ndani angakane kuyezedwa. Pofika 2011 opezeka ndi khansa ya chithokomiro anachuluka ka 15 poyerekeza ndi 1993, inasanduka khansa yopezeka kwambiri mdziko lonselo, anthu masauzande ambiri anachotsedwa chithokomiro chaka ndi chaka. Koma chiwerengero cha omwalira nayo sichinasinthe. Ankapeza tikhansa tating'onoting'ono ta papillary timene sitikanawapha anthuwo. Ku Finland kafukufuku wa mu 1985 anapeza tikhansa totere mwa anthu pafupifupi 36 pa 100 amene anamwalira ndi matenda ena, osadziwa nkomwe kuti anali nato. Mu 2014 madokotala ena a ku Korea komweko analankhula poyera kuti zimenezi zisiyike, ndipo maopaleshoni anatsika ndi pafupifupi 35 peresenti chaka chotsatira.

Zimandipweteka ndikaganiza za anthu amenewo chifukwa opaleshoni ya chithokomiro ili ndi mtengo wake pathupi. Akachotsa chonse munthu amamwa levothyroxine, mapilisi olowa mmalo mwa mahomoni a chithokomiro, mmawa uliwonse moyo wake wonse, ndipo kwa munthu wa kumudzi amene chipatala chili kutali komanso ndalama yogulira ku famase palibe, imeneyi si nkhani yaing'ono. Mtsempha wa mawu uja ukavulala mawu amatha kusasa mpaka kalekale, taganizani mphunzitsi kapena woimba kwaya. Kuseri kwa chithokomiro kulinso tiziwalo 4 tating'ono kwambiri tosunga mlingo wa kashiyamu mmagazi, tikawonongeka milomo ndi zala zimachita dzanzi, manja amakokana, munthu nkumadalira mapilisi a kashiyamu. Nchifukwa chake ku Kuma Hospital mumzinda wa Kobe ku Japan, Dr Akira Miyauchi anayamba mu 1993 kupatsa odwala a papillary yosapyola sentimita 1 mwayi wongoyang'aniridwa ndi sikani mmalo mwa mpeni. Patatha zaka 10, mwa odwala pafupifupi 8 pa 100 okha ndi mmene kachotupa kanakula mooneka, amene anafunika opaleshoni anapangidwa pa nthawiyo nkukhala bwino, ndipo pagulu loyang'aniridwalo panalibe amene anamwalira ndi khansayo. Lero njira imeneyi ndi yovomerezeka mmayiko ambiri, bola kachotupako kasakhale pafupi ndi mtsempha wa mawu kapena njira ya mpweya, kasakhale katafika kwa anabere, ndipo wodwalayo akhale woti azibweradi ku sikani.

Nde abale athu amene muli ku Johannesburg kapena ku UK, kumene kachotupa kamatha kupezeka mwangozi pojambula zina, musakakamize dokotala kuti angochotsa kuti mtima ukhale mmalo, funsani kaye kuti TI-RADS yake ndi chani, kukula kwake ndi masentimita angati, Bethesda yatuluka gulu liti. Koma kumudzi kuno vuto lathu ndi lotembenuza. Sitikuvutika ndi kupeza tambiri, tikuvutika ndi kufika mochedwa. Munthu amakhala ndi chithokomiro zaka 15, anazolowera, abale anazolowera, pakhosi pali mphini zambirimbiri, nde chikayamba kulimba mbali imodzi ndi mawu kusintha amati ndi chomwe chija. Si chomwe chija ayi. Chithokomiro chakale chimene chasintha khalidwe chikufunika sikani ndi singano mwezi womwewo, pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukapemphe kalata yopitira ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ndipo ngati ndi mayi anu kapena agogo aperekezeni, muwathandize kufotokoza kuti chinayamba liti ndipo chasintha liti. Musawamwetse mankhwala a ayodini ogula pa intaneti kapena kwa ogulitsa oyendayenda poganiza kuti chiphwa, pa chithokomiro cha zotupa zakale ayodini wambiri mwadzidzidzi amatha kuchisokoneza nkuyamba kuthamangitsa mtima moopsa.

Amene singano yanena kuti chotupa chanu ndi chabwino, nthawi zambiri amakuuzani kuti mubwerenso ku sikani pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, msanga kuposa apo ngati chinkaoneka mokayikitsa pa sikani yoyamba. Chikakula mooneka kapena kusintha maonekedwe amalasanso. Kale ankapereka levothyroxine kuti chotupa chabwino chiphwe koma pano sakulimbikitsanso, phindu lake ndi lochepa pamene amatha kufooketsa mafupa ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Chotupa chabwino amachichotsa pokhapokha ngati chikupanikiza pomeza kapena popuma, chikulowera kuseri kwa fupa la pachifuwa, kapena chakula kwambiri kupyola masentimita 4 nkumapitirirabe. Pepala la sikani yoyamba lija lisungeni mu buku lanu la kuchipatala ndipo mulijambulenso pa foni, chifukwa wojambula wachiwiri sangadziwe ngati chotupa chakula popanda miyeso yoyambayo.